Bwanji ku Bvumbwe kumazizira pamene ku Nchalo kukutentha?

Owerenga athu ena a ku Bvumbwe atumiza imelo kufunsa kuti: poti Thyolo ndi Chikwawa ndi maboma oyandikana, bwanji iwo amafunda mabulangete awiri mu Juni pamene abale awo ku Nchalo akugona ndi chitenje chokha?

Zikomo pofunsa. Chachikulu apa ndi kukwera kwa malo. Dzuwa limayamba latenthetsa nthaka, nthakayo n'kumatenthetsa mpweya kuchokera pansi. Mpweya ukamakwera umafutukuka n'kuzizira, pafupifupi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 alionse. Bvumbwe ili pa mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, Nchalo sifika n'komwe pa 100. Pamenepo pokha madigiri 6 kapena 7 apita. Pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje ya mamita 3,002, kusiyana ndi ku Nchalo kumafika cha m'ma 19, n'chifukwa chake pamwamba pa phiri la Mulanje pamagwa chisanu mu Juni ndi Julayi.

Kenaka pali chiperoni. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo ya mwera imabwera ndi chinyontho cha m'nyanja ya Indian Ocean. Ikagunda mapiri a Mulanje ndi Thyolo imakwera, n'kupanga nkhungu ndi mvula yowaza imene imaphimba dzuwa tsiku lonse. Ikamatsikira kuchigwa cha Shire imakhala itauma ndipo imafunda. Tiyi amakula ku Thyolo ndi Mulanje chifukwa cha chinyontho chimenechi.

Dziko lonse limayendera malamulo omwewa. Kufupi ndi Equator, mzere wongoyerekeza wozungulira pakati pa dziko lapansi, dzuwa limawomba pamutu, pamene kutali limabwera chopendekera, mphamvu yake n'kumwazika. Dziko linapendekeka madigiri 23.5, ndiye ife tikamazizidwa mu Julayi, ku London kumakhala kukufunda. Madzi a m'nyanja nawo amachedwa kutentha ndi kuzizira, ndipo amayenda: a Benguela, amene amayenda m'mbali mwa Namibia kuchokera kumwera, ndi ozizira, motero Walvis Bay ku Namibia imazizira kuposa Inhambane ku Mozambique ngakhale mizindayi yatalikira Equator pafupifupi mofanana.

Musaiwale mitambo. Okutobala amatentha kuposa Januwale chifukwa kumwamba kumakhala mbee ndipo nthaka ndi youma.

Mukafuna kuyerekeza nokha ndi abale anuwo, ambiri amalakwitsa poika thermometer, chipangizo choyezera kutentha, padzuwa kapena pansi pa malata. Ikatero imayeza kutentha kwa chitsulo, osati kwa mpweya. Iikeni pamthunzi podutsa mphepo, mamita 1.5 kuchokera pa udzu, ndipo nonse awiri muziwerenga pa ola limodzimodzi, m'mamawa ndi cha m'ma 2 koloko masana.