Mawu omaliza ndi a kaputeni, osati a ku tawala

Achimwene, wina asakunamizeni, ndege ikakhala pamavuto wolamula ndi kaputeni, osati a ku tawala, anthu a pa bwalo la ndege aja amene amapereka chilolezo chotera ndi chonyamuka. Ine zinandionekera, moti mpaka lero ndege ikadutsa pamwamba pathu pano pa Matawale mtima umangoti phaa.

Ndinkachokera ku Joni m'dzinja, kuthamangira maliro a mayi anga ku Domasi. Titayandikira Chileka kunja kunada bii, ndege n'kuyamba kudumphadumpha ngati lole ya nsomba yochokera ku Kachulu. Kenako mphezi ng'anii, chiphokoso kumphuno kwa ndege, magetsi kuphethira. Mayi amene ndinakhala nawo anandigwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa, akungotchula mayina a ana awo mmodzimmodzi. Tinatsika ndithu, malata a nyumba n'kumaoneka, mbuzi ndinaziona ine. Mwadzidzidzi injini zinabangula, tinakankhikira kumpando, ndege n'kukweranso m'mitambo momwemo. Kaputeni ziii. Mphindi zimenezo ndinalapa machimo onse, ngakhale a ku pulayimale. Atayankhula anangoti sititera pano, mphepo yaipa, chipangizo china chavuta, tikupita ku Lilongwe. Kumeneko tinapeza galimoto zozimitsa moto zitandanda m'mbali mwa msewu wa ndege.

Bwana wina wa suti ankalalata kuti ngati a ku tawala sanatiletse, iyeyu akukaniranji. Mlamu wanga amene anagwirapo ntchito za ndege anandimasulira pambuyo pake kuti chilolezo chotera si lamulo loti utere. Pangozi kaputeni amaloledwa kupatuka pa malangizo aliwonse, bola adzafotokoze akatsika. Akati Mayday katatu, mawu odziwitsa kuti pali ngozi, kapena kutchera nambala yangozi 7700 pa chipangizo cha m'ndege, a ku tawala amapatutsa ndege zina, amafunsa kuti muli anthu angati ndi mafuta otsala, n'kuitana ozimitsa moto. Chete uja akuti ndi mmene amaphunzitsidwira: gwira ndege kaye, dziwa kolowera, kuyankhula pambuyo. Kaputeni wina dzina lake Sullenberger mu 2009 ku New York, ndege yake ili pamavuto, a ku tawala anamupatsa mabwalo oti akatere, iye anakana n'kukatera pa mtsinje wa Hudson, anthu onse 155 anapulumuka.

Koma a kampani ya ndegeyo, ayi ndithu, Mulungu awaone. Anatisiya pa mabenchi usiku wonse, opanda ndi botolo la madzi lomwe. Kamtsikana ka pa kauntala ndikukauza kuti mawa tikuika mayi anga, iko maso ali pa foni, kuyankha kuti nyengo si vuto lawo. Basi inabwera dzuwa litakwera. Ndinafika ku Domasi adzukulu akusamba m'manja, nkhata zili kale pamtumbira.

Ndiye langizo langa, mangani lamba, khalani chete, mukhulupirireni kaputeni. Komatu osati kwambiri, nawonso ndi anthu. Ndege ya kampani ya Avianca mu 1990 inagwa pafupi ndi New York mafuta atatha, oyendetsa ankangodandaula za mafuta osatchula Mayday, anthu 73 anatisiya. Mukamva fungo lopserera kapena kuona chachilendo paphiko, kuwani ndithu, auzeni ogwira ntchito m'ndegemo. Ndipo kunena zoona, masiku ena ndimati akanangotera pa Chileka pompo, mwina nkhope ya mayi ndikanaiona.