Za mphika ndi za kuchipinda: agogo ayankha adzukulu

"Agogo, chaka sichinathe chilowereni m'banja. Pondilanga anandiuza kuti mwamuna mpamimba, ndiye ndimayesetsa: nsima ya ufa woyera, nyama yokazinga, pena tchipisi. Koma abambo akunyumba akangosamba m'manja amayamba kusinza, tikalowa kuchipinda ndi mkonono wokhawokha. Mnzanga wina akuti andipezera kondaine wothira m'ndiwo. Ndivomere?"

Mdzukulu wanga, amene anakulangawo sananame, koma anakupatsa theka. Mwamuna mpamimba sizitanthauza kuti amuna akowo uziwadzaza ngati thumba lopita kuchigayo. Ukupakula nsima 9 koloko usiku, mitanda inayi kapena isanu, ndiwo zosambira m'mafuta. Thupi likalandira katundu wotere limatanganidwa ndi kugaya, ndipo chakudya chamafuta chimachedwa kuchoka m'mimba. Munthu akagona chokhuta choncho amamva chilungulira, mimba ili ndii, chimene akufuna ndi tulo basi. Sanatope nawe ayi. Wawagoneka wekha ndi chipande chako.

Sintha nthawi ndi muyeso. Tereka poto dzuwa likamalowa kuti pofika 7 koloko mukhale mutadya, papite maola awiri kapena atatu musanakagone. Mitanda iwiri yakwana, ndiwo zichuluke kuposa nsima. Ngati masana sadyera pakhomo, alandire ndi kapu ya thobwa kapena futali pang'ono akangofika, kuti asagwere nsima ndi njala ya tsiku lonse.

Ndipo usanyoze masamba. Tenga nkhwani wanthete mipukutu iwiri, usadze bwino kuchotsa ulusi, utsuke usanadule. Ukatsuka utadula kale, zabwino zake zimapita ndi madzi. M'poto thira madzi theka la kapu, akawira ika nkhwani, tomato awiri ndi kamchere. Soda akhale wa pansonga pa sipuni yaing'ono. Ukachulutsa, masamba amaterera, amawawa, ndipo mavitamini ena amawonongeka. Pakatha mphindi zisanu thira nsinjiro masipuni aakulu anayi pamwamba, vindikira osatakasa kaye, nthunzi iziphike. Kenako takasa, uchepetse moto, zipse mphindi zina zisanu. Nsinjiro zosapsa zimanunkha uwisi ndipo zimatupitsa m'mimba, chimene simuchifuna usiku. Pambali ika usipa kapena nyemba. Zimenezi ndi zako zomwe, chifukwa mkazi wochepa magazi amangokhala wofooka, ndi chilakolako chomwe chimathawa. Tiyi usamamwere pa chakudya, amatsekereza thupi kutenga mchere wa ayironi umene umapanga magazi. Dikira ola lathunthu.

Tsono za kondaine. Iyayi, usavomere. Amene amagulitsa sakuuza muyeso, ndipo zimene amati uthiremo, mizu yosadziwika, mchira wa buluzi, litsiro la m'thupi, ndi zinthu zotsegula m'mimba, zina zopweteka chiwindi ndi impso. Amuna ako akadwala nazo kapena kutsikira kuli chete, si mlandu wa ankhoswe umenewo, ndi wa kupolisi. Ngakhale asadwale, zobisa za m'mphika sizikhalitsa. Mnzako yemweyo tsiku lina mudzayambana, adzaulula pachitsime. Mwamuna akangomva kuti anadyetsedwa, mbale iliyonse amayamba waiyang'anitsitsa, ndipo wokayikira nsima yako pamphasa sangakukhulupirire. Akakhala chete n'kumakumvera zilizonse, abale ake adzati wamupatsa khuzumule, ndipo chabwino chilichonse chimene angakuchitire chidzasanduka umboni wokutsutsa.

Makolo ankadziwa kuti mphika umalankhula za kuchipinda, n'chifukwa chake anauikira malamulo. Nkhuku ikaphedwa, nthutumba ndi ya mwini nyumba. Ikasowa m'mbale, funso limabwera lakuti wapatsa ndani. Mwamuna akanyanyala nsima ya mkazi wake masiku awiri atatu, ankhoswe amaitanidwa, chifukwa aliyense amadziwa kuti chakanidwacho si nsima yokha. Mwamuna wokwatira akazolowera kudya kwa mbeta, mudzi sufunsa kuti ndiwo zinali zanji. Choncho chimene chimakoka mtima m'chakudya ndi chakuti waphikira iyeyo, wakumbukira kuti amakonda tsabola wa kambuzi pambali, wakhala naye pansi mpaka amalize. Ana adyetse msanga, foni ikhale patali, ndipo za ngongole ndi fizi musakambirane pa nsima ya madzulo. Ukachoka pambaula kasambe, fungo la utsi ndi anyezi lisalowe nawo m'zofunda.

"Agogo, ine ndine mnyamata wa zaka 29, ndakwatira chaka chatha. Anzanga akuti therere limafoola mwamuna, ndipo kuti ndisagwe mu papaya ndizidya chinangwa chachiwisi ndi mtedza, kutafuna gondolosi, komanso kumwa khofi wina wamphamvu wogulitsidwa m'timapaketi. Zoona ndi ziti?"

Wachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Therere idya, mdzukulu wanga. Anthu anangoona kuterera kwake n'kuganiza kuti thupi nalo lilobodoka. Chinangwa nachonso anachisankha chifukwa cha kuuma ndi utomoni wake woyera. Maso ndiwo anaweruza milandu iwiri yonseyi, osati thupi.

Pa chinangwa chachiwisi pali ngozi yeniyeni. Chotsekemera, monga manyokola, chili ndi poizoni wochepa, ndipo wambiri amakhala m'khungu, choncho usende mozama ndipo chabwino n'kuchiphika. Chowawa chili ndi poizoni wochuluka, n'chifukwa chake akunyanja amachiviika m'madzi masiku angapo n'kuchiyanika asanasinje kondowole. Ukaluma n'kumva kuwawa, lavula. Ukaumirira, mutu, chizungulire ndi kusanza zikupeza, ndipo ena amafa nacho.

Mtedza ndi wabwino, umapatsa thupi mafuta ndi zomanga minofu. Dzanja limodzi patsiku lakwana. Koma sankha: wofota, wakuda, wobooka kapena wowawa taya, chifukwa chuku cha mtedza chimawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo kukazinga sikuchotsa poizoni wake. Wotsika mtengo wa pansi pa lichero uja ndiye woopsa kwambiri.

Gondolosi makolo akhala akutafuna kuyambira kale, ndipo kafukufuku wambiri wa muzu umenewu anachitikira pa makoswe. Kachidutswa kotsuka bwino, kotalika ngati chala, ungatafune khungu lake n'kulavula mtima wolimbawo. Choopsa ndi ufa wosakaniza wa m'mabotolo umene sudziwa kuti muli chiyani. Khofi ndi uchi "wamphamvu" za mtundu umenewu zapezekapo m'maiko ambiri zitathiridwa mobisa sildenafil, mankhwala omwe ali mu Viagra. Amenewo ndi olemba dokotala, atayeza kaye munthu. Wodwala mtima amene akumwa mankhwala ena a kupweteka pachifuwa akaphatikiza ndi amenewa, BP imatsika mwadzidzidzi mpaka kukomoka, pena kufa kumene. Ndipo ukamwa chilichonse, chida cha abambo n'kukhalabe chodzuka kupitirira maola anayi, thamangira kuchipatala usiku womwewo; manyazi akakuchedwetsa, mitsempha imawonongekeratu.

Mphamvu za abambo ndi magazi oyenda bwino m'timitsempha ting'onoting'ono. Zotiwononga ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, fodya, mowa ndi mimba yotsogola. Mowa umanamiza: umadzutsa mtima n'kugoneka thupi. Mchere usapitirire sipuni yaing'ono imodzi patsiku, kuwerengera ndi wa m'ndiwo womwe, choncho leka kuwaza wina chakudya usanalawe. Tiyi wa masipuni anayi a shuga, kanyenya wa tsiku ndi tsiku ndi zakumwa za m'mabotolo ndi zimene zimagwetsa anthu mu papaya, osati therere. Vuto likakhala miyezi itatu likubwerezabwereza, kayezetse shuga ndi BP, chifukwa nthawi zina limayamba kuonekera kuchipinda matenda a mtima asanadziwike.

China anzakowo sanakuuze. Akazi ako akadzuka 4 koloko, atunge madzi, aphike katatu pa utsi, achape, atsuke mbale mwana ali kumsana, iwe uli pampando kutafuna gondolosi, usiku upeza munthu wotheratu. Bwera ndi kajumbo ka ndiwo nthawi yabwino, koleza mbaula, nyamula mwana pamene iwo akuvundula nsima. Ukadya, nena kuti zakoma, ndipo utchule chimene chakomacho.

"Agogo, apongozi anga akuti ndikakhala kumwezi ndisamathire mchere m'ndiwo, ndingawadule anthu. Ine ndinakulira m'tauni, sindikumvetsa."

Uwu ndi mwambo wa mdulo, ena amati tsempho. Makolo ankagawa anthu pawiri: otentha, amene akukhala malo amodzi m'banja, ndi ozizira, monga makanda, odwala ndi amene akudika. Ankakhulupirira kuti mchere umanyamula kutenthako, choncho mkazi amene ali kumwezi, kapena wayenda njira zosayenera, akathira mchere, wodya amatupa kapena kutsokomola. N'chifukwa chake ankaitana kamwana kuti kathire. Mwambowu unkamanga anthu kuti asamayendeyende, ndipo unkadziwitsa mwamuna, popanda kutchula mawu ochititsa manyazi, kuti sabata ino ndi yopuma.

Mchere wa m'manja mwako sudwalitsa munthu. Koma ukakhala pakhomo pa apongozi, kuitana mwana kuti athire sikukuchotsera kanthu. Muyezere wekha pa sipuni kuti asapyoze. Pamene sitigwirizana ndi apongozi ako ndi apa: mwana akatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi n'kufiira ndi kupyapyala, kawirikawiri kumakhala kunyentchera, ndipo wamkulu akatsokomola milungu iwiri, akutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, chingakhale chifuwa chachikulu. Onsewa apite kuchipatala tsiku lomwelo, zofufuza amene anathira mchere zidikire. Ndipo nkhaniyi usaiyankhe wekha pamaso pa apongozi. Uza amuna ako kuchipinda, iwo ndiwo akalankhule ndi mayi awo.