Jakisoni mmodzi yekha pa opaleshoni yonse: kodi bambo anu akumanidwa mankhwala?

Mayi wina wanditumizira imelo, ndipo zikuoneka kuti amalemba mtima uli m'mwamba. Bambo awo achitidwa opaleshoni ya m'mimba yomwe inali yochita kukonzekera, osati yadzidzidzi. Akuti: "Atatsala pang'ono kulowa nawo m'chipinda cha opaleshoni anawabaya antibayotiki kamodzi, basi. Lero ndi tsiku lachitatu, akungolandira mankhwala opha ululu, pomwe wodwala wa bedi loyandikana nalo akulandira antibayotiki wa m'dripi m'mawa ndi madzulo. Kodi akutimana? Ndikagule ndekha ndiziwapatsa kuti bala lisachite mafinya?"

Mayi, musagule. Malinga ndi momwe mwafotokozera, madokotalawo achita zomwe zimayenera kuchitika.

Jakisoni uja sanali wochiza matenda, chifukwa bambo analibe tizilombo tomwe tinali titayamba kale kuwadwalitsa. Anali wotchinga matenda. Nthawi yoopsa ndi pomwe mpeni wang'amba khungu ndipo thupi lili lotseguka, choncho mankhwala amayenera kukhala ali kale m'magazi pa mphindi imeneyo. Malangizo omwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2016 amati antibayotiki wotereyu aperekedwe mkati mwa mphindi 120 asanayambe kung'amba, ndipo asapitirizidwe opaleshoni ikatha. Opaleshoni ikatalika kapena wodwala akataya magazi ambiri, amawonjezera wina ali pathebulo pomwepo. Bala likasokedwa, ntchito ya mankhwalawo yatha. Anzawo a pabedi linalo mwina anabwera m'mimba muli kale mafinya, kapena ali ndi chibayo. Awo akuchizidwa, ndipo nkhani yawo ndi ina.

Mwina mukuti: nanga kungowonjezera masiku asanu kuti mtima ukhale m'malo, kungalakwike chiyani? Apa mpomwe ambiri timapusitsika, chifukwa timaona antibayotiki ngati chinthu chomwe chikapanda kuthandiza, sichipwetekanso. M'matumbo mwa bambo anu muli mabakiteriya ambirimbiri abwino omwe amatsekereza oipa kuti asachuluke. Antibayotiki sasankha, amasesa onse omwe angathe kuwasesa. Kumupereka popanda matenda kuli ngati kuwotcha nyumba pofuna khoswe yemwe simunamuone n'komwe. Abwino aja akatha, kachilombo kotchedwa Clostridioides difficile kamapeza malo, n'kuyambitsa kutsegula m'mimba koopsa komwe kumatha kupha, makamaka okalamba.

Vuto lalikulu ndi la tizilombo topulumuka. Tomwe mankhwala alephera kutipha ndi tomwe timaswana, ndipo ana ake nawonso samva mankhwalawo. M'wodi simusowa njira yoti tiyendere: manja, zitsulo za bedi, zipangizo zoyezera. Alexander Fleming, yemwe anatulukira antibayotiki wotchedwa penicillin mu 1928, anachenjezeratu za izi polandira mphoto ya Nobel mu 1945. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti m'chaka cha 2019 chokha, anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala.

N'chifukwa chake zipatala zambiri masiku ano zili ndi gulu loyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka maantibayotiki: dokotala, wa ku famase, wa ku labu ndi namwino. Amafunsa ngati wodwala akufunikiradi mankhwalawo, mtundu wake, mlingo wake ndi tsiku losiyira. Wodwala kwambiri samudikiritsa ayi. Amamutenga magazi kapena mafinya okayeza, n'kumuyambitsa mankhwala nthawi yomweyo. Pakatha maola 48 mpaka 72, zotsatira zikabwera, amaunikanso. Mwina asinthe n'kupereka mankhwala olimbana ndi kachilombo kamene kapezekako, mwina achotse dripi n'kuyamba mapiritsi, mwina asiye zonse. Achibale akaona dripi yachotsedwa amadandaula kuti wodwala wawo watayidwa, chonsecho nthawi zambiri ndi chizindikiro choti akupeza bwino. Kuyambira 2017, WHO inagawa maantibayotiki m'magulu atatu. Gulu la Access ndi la oyambira, monga amoxicillin. La Watch ndi la ofunika kusamala nawo, monga ceftriaxone, yemwe m'maganizo anga amatuluka m'kabati mofulumira kwambiri chifukwa ndi wosavuta kupereka. La Reserve ndi la osungira tsiku lomwe ena onse akanika, monga colistin, mankhwala akale omwe madokotala anali atawasiya chifukwa amawononga impso, koma pano abwereranso poti palibe kuchitira mwina.

Tsono ngati si antibayotiki, chingateteze bala la bambo n'chiyani? Choyamba ndi manja. Mu 1847, ku chipatala china chachikulu ku Vienna, dokotala Ignaz Semmelweis analamula kuti madokotala ndi ophunzira azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanagwire amayi oyembekezera. Mwezi wa April chaka chimenecho amayi pafupifupi 18 pa 100 aliwonse a m'wodi yake anamwalira. Pofika June anali atatsika kufika pa 2. Panalibe antibayotiki ngakhale mmodzi nthawi imeneyo. Anzake ambiri sanamumvere, ndipo mpaka lero nkhondoyi sinathe: lipoti la WHO la 2022 linati pa odwala 100 ogonekedwa, 7 m'mayiko olemera ndi 15 m'mayiko osauka ndi apakati amatenga matenda ena ali m'chipatala momwemo.

Inuyo ndi aliyense wobwera kudzazonda, pakani sanitayiza musanagwire bambo komanso mukamaliza, kwa masekondi 20 mpaka 30. Manja akakhala ndi litsiro looneka, kapena wodwala akamatsegula m'mimba, sambani ndi sopo ndi madzi kwa masekondi 40 mpaka 60, chifukwa sanitayiza samugonjetsa Clostridioides difficile uja. Magolovesi asakunamizeni: magolovesi omwe agwira kale wodwala wina ndi oipa kuposa manja osamba bwino. Ndipo si chipongwe kufunsa namwino kapena dokotala mwaulemu ngati wasamba m'manja. Wodziwa ntchito yake sakwiya nazo.

Chachiwiri ndi mapaipi. Paipi ya mkodzo ndi kanyula wa pamkono ndi makomo omwe tizilombo timalowera, ndipo tsiku lililonse lomwe paipi ya mkodzo yakhala m'thupi, chiopsezo chimakula. Madokotala akamayendera odwala m'mawa, funsani ngati zikufunikabe. Bandeji ya pabala musamaitsegule kuti muone, musapakepo kanthu. Bambo akaloledwa kudzuka, athandizeni kukhala tsonga ndi kuyenda pang'ono, chifukwa kugona chagada nthawi yaitali kumaitana chibayo.

Pali zizindikiro zomwe simuyenera kudikira nazo mpaka m'mawa: kutentha thupi, kunjenjemera, bala kufiira, kutupa kapena kutulutsa mafinya, ululu womakulirakulira m'malo mochepa, kupuma mobanika, kusokonezeka mutu. Mukaona chimodzi mwa izi, itanani namwino msanga. Pamenepo antibayotiki angafunikedi, ndipo akalembedwa, bambo amwe monga momwe adokotala anenera, osadumphitsa, osasiya mwa okha.

Ngati munagula kale mapiritsi n'kuwapatsako mobisa, auzeni adokotala dzina lake ndi nthawi yomwe anamwa. Mankhwala omwe ali kale m'magazi amatha kulepheretsa tizilombo kumera ku labu, zotsatira n'kubwera zoti palibe kanthu pomwe matenda alipo.