Zambezi kuchokera ku Ikelenge mpaka kunyanja

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji mtsinje wa Zambezi ndi wotakata chonchi pa Chirundu pomwe akuti kugwero kwake munthu angaulumphe. N'zoona. Ku Ikelenge, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pomwe pali nyanja, ndi kasupe chabe wotuluka pansi pa mizu ya mitengo, madzi ake oyera mbee ndi ozizira.

Umakula chifukwa cha mitsinje ina yothiramo. Ukazungulira ku Angola n'kulowanso kwathu pa Chavuma, umafika m'chigwa cha Barotse. Kumeneko nthaka ndi yathyathyathya, madzi amayenda mwaulesi, amasefukira cha m'Marichi ndi Epulo n'kusiya matope achonde. Pa mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls) amagwa mamita 108, kenako amathamanga m'mpata wopapatiza wa Batoka akuperesa miyala.

Kumunsi kwa damu la Kariba kumalowa Kafue, umene madzi ake timamwa kuno ku Lusaka, kenako Luangwa wodzala mchenga ndi matope nthawi ya dzinja. Ku Mozambique, Shire ukalowa, mtsinjewo umagawikana nthambi zambiri pafupi ndi Chinde usanathire m'nyanja ya Indian.

Chondidetsa nkhawa ine ndi madamu. Kariba, lomalizidwa mu 1959, ndi Cahora Bassa la 1974, amatsekereza matope ndiponso amachepetsa kusefukira kwa chaka ndi chaka. Choncho kumathiriro madambo amauma, madzi amchere amakwera kulowa mkati, ndipo nsomba zimasowa poswanirana.