Funsani za Mpira: Kodi Drogba anagwiritsa mwala dziko lake?

FUNSO

Zikomo akonzi. Ine ndi alamu anga takhala tikukangana za Didier Drogba kwa nthawi yaitali. Iwo amati munthuyu ankaopsa akavala jezi ya Chelsea yokha, koma akavala ya Ivory Coast miyendo inkamulemera. Umboni wawo ndi woti sanatengepo chikho cha Africa Cup of Nations, ndipo kawiri konse anaphonya penate pa masewero otsiriza. Ine ndimamukonda, koma akafika pamenepa ndimangoti kukamwa yasa. Kodi akunena zoona?

Wowerenga wanu wokonda Chelsea

YANKHO

Achimwene, pa mapenatewo alamu anu musawatsutse, sakunama. Mu 2006 ku Cairo, Ivory Coast ndi Egypt analepherana osagoletsana, nkhani n'kupita ku mapenate. Drogba ndiye anayamba kumenya kumbali ya timu yake, goloboyi Essam El-Hadary n'kuugwira, ndipo Egypt inapambana 4-2. Pa 12 February 2012 ku Libreville zinawawa koposa. Masewero ndi Zambia ali 0-0 m'chigawo chachiwiri, woyimbira analoza pa penate. Drogba anaika mpira pansi, n'kuumenya mwamphamvu, mpira uja n'kudutsa pamwamba pa golo osakhudza ndi chitsulo chomwe. Ndinaonera masewerowo pa kanema, ndipo nkhope yake ndikuikumbukira mpaka lero.

Koma alamu anuwo muwafunse ngati anaonera mpaka kumapeto. Usiku womwewo, nthawi ya mapenate itakwana, Drogba anapitanso pa malo omwe aja ndipo anagoletsa. Omwe anaphonya anali Kolo Touré ndi Gervinho, Stoppila Sunzu n'kutsiriza nkhani, Zambia 8, Ivory Coast 7. Munthu amene miyendo ikumulemera sabwereranso pa penate patangotha ola limodzi ataphonya dziko lonse likuona. Ndiponso tisalande ulemu wa Chipolopolo, timu ya Zambia: anyamata aja ankasewera pafupi ndi pomwe ndege inagwera m'nyanja ndi timu yawo mu 1993, ndipo tsiku limenelo analimba ngati mwala.

Patangopita miyezi itatu, pa 19 May 2012 ku Munich, pa masewero otsiriza a Champions League, chikho cha makalabu a ku Ulaya, pakati pa Chelsea ndi Bayern Munich, munthu yemweyo anachita zomwe okonda Chelsea saziiwala. Bayern inali itagoletsa kudzera mwa Thomas Müller pa mphindi 83, ndipo inali pabwalo lake. Pa mphindi 88 Juan Mata anamenya kona, Drogba anathamangira ku chitsulo chapafupi, n'kuupotoza ndi mutu mwamphamvu moti dzanja la Manuel Neuer linangoukhudza koma osaubweza. M'nthawi yoonjezera iye yemwe anagwetsa Franck Ribéry m'bokosi, Petr Čech n'kumupulumutsa pogwira penate ya Arjen Robben. Masewero atathera 1-1, nkhani n'kupita ku mapenate, penate yotsiriza ya usikuwo inagwera iye, ndipo anaiponya mu ukonde modekha, Chelsea n'kutenga chikho. Phazi lake linali lomwe lija la ku Libreville. Mtima unalinso womwewo.

Mbiri yake ya m'makalabu ndiidutsa mwachangu chifukwa mukuidziwa, koma chimodzi chimandigwira mtima: anachedwa kupsa. Anabadwira ku Abidjan mu 1978, anakulira kwambiri ku France kwa amalume ake omwe ankasewera mpira, ndipo kontirakiti yake yoyamba anasaina ku Le Mans ali ndi zaka 21, msinkhu womwe anzake amakhala atatchuka kale. Anadzera ku Guingamp, kenako chaka chimodzi ku Marseille komwe anamwetsa zigoli 19 mu ligi, ndipo mu 2004 Chelsea ya José Mourinho inamugula pa mapaundi 24 miliyoni. Kumeneko anamwetsa zigoli 164, anatenga ligi kanayi ndi FA Cup kanayi, ndipo pa masewero otsiriza anayi onse a FA Cup anagoletsa. Zolakwa anali nazo. Mu 2008 ku Moscow, pa masewero otsiriza a Champions League, anapatsidwa kadi yofiira atamenya mbama Nemanja Vidić, ndipo pomwe Chelsea inkagonja kwa Manchester United pa mapenate, iye anali kunja. Anadzaseweranso ku Shanghai, Galatasaray, Montreal ndi Phoenix, n'kusiya mpira mu 2018 ali ndi zaka 40.

Tsono tibwerere ku jezi ya dziko lake, pomwe pali mkangano wanu. Anasewera masewero 105 n'kumwetsa zigoli 65, ndipo palibe wina wa ku Ivory Coast amene wafikapo pamenepo. Drogba asanabwere, Njovu, monga imadziwikira timu ya Ivory Coast, zinali zisanapondeko ku World Cup. M'nthawi yake zinapita katatu kondondozana: 2006, 2010 ndi 2014. Ulendo wa 2010 unatsimikizika ku Blantyre mu October 2009, Flames ikutsogola 1-0: analowa kuchokera pa benchi ndipo mphindi zochepa chabe anabweza chigolicho. Atatsala masiku ochepa kuti mpikisanowo uyambe ku South Africa, anathyoka mkono pa masewero opimana mphamvu ndi Japan. Anachitidwa opaleshoni, anasewera mkono uli wotchinjirizidwa, ndipo anagoletsa Brazil. Wosewera amene amasungira kalabu thupi lake akanakhala pansi n'kudikira ligi.

Chomwe ine ndimachilemekeza kwambiri sichinachitike pabwalo. Mu October 2005, Ivory Coast itagonjetsa Sudan 3-1 n'kupeza mwayi woyamba wopita ku World Cup, dziko lawo linali logawanika ndi nkhondo yapachiweniweni, zigawenga kumpoto, boma kummwera. M'chipinda chovalira, kamera ya wailesi yakanema ikujambula, Drogba anatenga maikolofoni. Osewera a kumpoto ndi a kummwera anagwada pansi pamodzi, iye n'kupempha atsogoleri kuti atule zida ndi kuchititsa chisankho. Anali mnyamata wa zaka 27 amene akanatha kungovina n'kukwera ndege kubwerera ku London. Mu 2007 anapempha kuti masewero ndi Madagascar akachitikire ku Bouaké, likulu la zigawenga, ndipo zinatheka. Ivory Coast inapambana 5-0, chigoli chomaliza chinali chake. Amene amati Drogba anathetsa nkhondo amakokomeza, chifukwa magazi anakhetsedwanso chisankho cha 2010 chitachitika. Komabe tsiku lija ku Bouaké anthu a mbali zonse ziwiri anakhala m'bwalo limodzi kuchemerera timu imodzi.

Choncho yankho langa kwa alamu anu n'lakuti ayi, sanagwiritse mwala dziko lake. Chikho cha Africa ndiye chinamukana, ndipo zimenezo zimandipweteka inenso. Anasiya kusewerera Ivory Coast mu August 2014. Patangotha miyezi isanu ndi umodzi, mu February 2015, Njovu zinatenga chikho chija pogonjetsa Ghana pa mapenate, 9-8, mphunzitsi wawo ali Hervé Renard, yemwe uja anawaliza ali ndi Zambia ku Libreville. Chikhocho anakweza m'mwamba ndi Yaya Touré, Drogba akuonera ali kutali.