TIFUNSENI: Holoselo ikamagulitsa sopo mmodzimmodzi, ife a maokala tilowere kuti?

FUNSO: Zikomo alangizi. Ine ndili ndi okala ku Area 36 ndipo ndi yomweyi yandiphunzitsira ana. Pano kufupi kuno kwabwera shopu yaikulu yamatrole ija, komanso kuholoselo komwe ndimapikula ku Old Town ayamba kugulitsa olo sopo mmodzi pamtengo omwe amatipatsa ife ooda, nde kasitomala akumandiuza pamaso kuti mayi mukudulitsa ndikagula kutauni. Mwana wanga wamkazi anapeza ntchito ya patilu kushopu ina yaikulu koma ndalama yake ikungothera kabaza ndi lanchi, akuweruka usiku. Kodi nditseke basi? Nanga mwanayu akuberedwa kapena ndi mmene zimakhalira?
Mayi wa ku Area 36, Lilongwe

YANKHO: Mayi, pepani ndithu, koma musathamangire kutseka. Chimene musiye ndi kulimbana nawo pamtengo chifukwa apo simungawine olo mutayesetsa bwanji. Inu mukapita kukaoda mumatenga bale limodzi la shuga la mapaketi 20, mumalipira kashi pompopompo, mulipirenso minibasi ndi wonyamula mpaka pa okala. Iwo amaitanitsa thiraki yathunthu kuchokera kufakitale, amapatsidwa mtengo wawowawo, katundu amawatulira pakhomo, ndipo nthawi zambiri amalipira patapita masabata, kutanthauza kuti shugayo amakhala atagulitsa kale asanapereke olo tambala. Inu bizinesi mukuyendetsa ndi mpamba wanu, iwo akuyendetsa ndi mpamba wa amene akuwapatsa katunduyo.

Ndipo pulomoshoni ija musamaione ngati chifundo eti. Amatsitsa dala mtengo wa zinthu ziwiri zitatu zimene aliyense amadziwa mtengo wake pamtima, shuga, mafuta ophikira, buledi, kuti munthu alowe, nde akangogwira trole amatuluka ndi bisiketi, juwisi, mafuta odzola ndi zina zoti sanabwerere, phindu lonse lili mmenemo. Kasitomala wanu uja akamati mukudulitsa akukumbukira shuga yekhayo, transipoti yopita ndi kubwera sakuwerengera.

Tikamati makampani akuluakulu ena ndi akulu zedi kuposa mmene timaganizira tikamadutsa panja. Mwachitsanzo shopu ya Game ndi ya kampani ya Massmart ya ku South Africa, ndipo Massmart inagulidwa ndi Walmart ya ku America, gawo lalikulu mu 2011 kenako yonse mu 2022. Walmart yokhayo ili ndi antchito oposa 2 miliyoni padziko lonse, anthu ambiri kuposa onse okhala mumzinda wa Lilongwe. Kampani yotero ikamakambirana mtengo ndi fakitale, amene amanjenjemera ndi afakitale. Ndipo zimenezi zimafika mpaka kwa mlimi wa tomato ku Dedza kapena mayi wopanga chiponde amene akufuna katundu wake akhale pashelefu, amauzidwa mtengo, amauzidwa kapakidwe, bweretsani chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, ndalama mudzatenge mwezi wamawa, chikawola ndi chanu. Ambiri amangobwerera kumsika wa Lizulu.

Chimene ine chimandiwawa kwambiri ndi komwe ndalama imapita ikachoka m'thumba la kasitomala. Ikagwera pa okala yanu imazungulira momwemo mu 36, mumalipira lendi kwa landilodi wa pompo, wakabaza adyapo, mayi wa mandasi amene amasiya beseni pawindo panu adyapo, telala, banki m'khonde, chopereka cha kumaliro. Ikagwera kukampani yakunja, malipiro ndi misonkho zimatsala inde, koma phindu limayenera lisinthidwe kukhala madola lipite kwa eni ake, m'dziko loti forex ikusowa mpaka anthu kugona pa filling station.

Komabe ndisanamize, mashopu akuluwa anabweretsanso zabwino. Mtengo umalembedwa pashelefu, risiti amapereka, sikelo siyoba, nyama ili mufiriji, ndipo tonse tikudziwa maokala ena amene amagulitsa zinthu zoti deti inatha kalekale. Komanso ukulu si chitetezo. Kampani ya mashopu ya PTC inali paliponse m'dziko muno, Press Corporation inaigulitsa mu 2022 ndipo mashopu aja anatsekedwa. Sitolo yakale ya Kandodo ana a lero sakuidziwa. Shoprite nayo, itachoka kale ku Kenya, Uganda ndi Nigeria, inalengeza mu 2025 kuti ikugulitsa mashopu ake a ku Malawi ndi Ghana. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 amene anamva kuwawa msanga ndi omwe mashelefu awo amadalira katundu wolowa pa Mwanza ndi pa Dedza.

Ena akumati boma lingowathamangitsa basi. Izo zinayesedwapo mwanjira ina, m'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linachotsa amwenye amasitolo kumidzi kuti azichita malonda m'matauni okha, ndipo m'matrading centre ambiri masitolo aja anangokhala mabwinja chifukwa otsalawo analibe mpamba ndi thiraki zobweretsera katundu. Nde kuthamangitsa kokha sikudzadza shelefu yanu.

Tsono inuyo gwirani pamene iwo sangafike. Shopu yamatrole singagulitse mafuta oyeza a m'kajumbo, kawalkman ka ufa, shuga wa tiyi wa mmawa umodzi, dzira limodzi, kandulo magetsi akathima 8 koloko usiku, ndipo singalembe munthu m'buku kuti adzalipira pa 27. Anthu ambiri a m'makomboni amagula za lero ndi ndalama ya lero, ndiwo makasitomala anu enieni, osati uja wopita kutauni pakutha pamwezi. Chepetsani katundu amene akungokhala pashelefu kudya mpamba, onjezani zothamanga, ngati mungathe ikaninso Airtel Money kapena TNM Mpamba pawindo pomwepo chifukwa wobwera kudzatapa ndalama sachoka chimanjamanja. Buku la ngongole likhale ndi malire, aliyense ndi mlingo wake, chifukwa maokala ambiri sanaphedwe ndi shopu yaikulu koma ndi abale ndi aneba a ndidzakupatsani mawa. Ndipo pezani anzanu asanu kaya khumi a maokala muzisonkha, mukaode limodzi mabale ambiri pagalimoto imodzi, mtengo umatsika ndipo waholoselo amayamba kukupatsani mpando mukalowa. Ndikudziwa chovuta ndi kukhulupirirana pandalama, nde muzilemba zonse ndipo kooda muzipita awiriawiri.

Za holoselo yogulitsa sopo mmodzi, kutchipitsa pakokha si mlandu. Koma akamabisa katundu kuti adzakweze mtengo, kapena kukukakamizani kuti mugule kaye zinthu zina ndipo akugulitseni shuga ngati zimene anthu ankadandaula shuga atasowa mu 2024, kadandauleni ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loona za chilungamo pamalonda, ofesi yawo ili konkuno ku Lilongwe. Sungani risiti, ndipo ndibwino mupite ngati gulu.

Pa za mwana wanu, funsani kaye zinthu izi. Ali ndi kalata ya ntchito kapena amangomutcha waganyu chaka chonse? Analembedwa ndi shopuyo kapena ndi kakampani kena kongobweretsa antchito? Njira yachiwiriyi ndi imene makampani ambiri amachepetsera malipiro, munthu wavala yunifolomu ya shopu koma zikavuta shopuyo imati si wathu. Malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa anali K50,000 pamwezi mu 2021, anafika K90,000 mu 2024 kenako K126,000 mu 2025, ndipo inu nomwe mukudziwa kuti ndalama imeneyo mukachotsa lendi ndi thumba la chimanga palibe chotsala, koma kampani yaikulu kulipira pansi pa pamenepo ndi kuphwanya lamulo. Lamulo la zantchito la Employment Act limati maola ogwira ntchito ndi 48 pasabata, opitirira apo ndi ovataimu yolipidwa mowonjezera, ndipo ngati akumudula ya penshoni aonetsetse kuti ikufikadi kukampani ya penshoni pamodzi ndi gawo la abwana, asamangokhulupirira payslip.

Mabwana amayesetsa kuopseza antchito kuti panja pali anzanu ambiri akufuna ntchito yomweyi, ndipo nzoona alipo, nchifukwa chake malipiro sakwera. Muuzeni agule kakope azilemba tsiku lililonse nthawi yolowa ndi yoweruka, asunge mapayslip onse, ndipo za mashoteji a patilu asamasaine pepala lovomera kudulidwa asanawerengetse ndalamazo pamaso pake. Zikapitirira apite ku leba ofesi ndi anzake awiri atatu, kumeneko zikakanika nkhani imapita kukhoti la nkhani zantchito la Industrial Relations Court. Asasiye ntchito mwaukali asanapeze ina, ndipo mutilemberenso mutiuze ngati kalata ya ntchitoyo ali nayo.