Msuweni, funso lako la sutikesi ndalimva

Msuweni, ndi ine. Ndaganiza zojambula mawu chifukwa zimene ndikufuna kukuuza n'zambiri, ndipo kuzilemba pa foni kunganditengere usiku wonse. Funso lako ndinaliona m'mawa, pamene unafunsa pagulu lathu la pa foni lija ngati ugule sutikesi yolimba ya pulasitiki kapena yansalu pa ulendo wa pandege umene ukupita ndi azakhali anga, amayi ako, mwezi wamawa. Mayankho a ena ndawawerenganso, ndipo ndinakhala chete dala kuti onse amalize kaye. Iwe ndimakudziwa kuyambira uli kumsana, ndipo ndikudziwa kuti ukayamba kufunsa za chinthu chaching'ono kawiri katatu, pamakhala china chachikulu chimene chikukusowetsa tulo. Unachita chimodzimodzi nthawi ya mayeso ija, pamene unasautsa nyumba yonse ndi nkhani ya cholembera.

Za sutikesi ndikuyankhe mwachidule. Gula yopepuka, ya matayala anayi, imene ungaikankhe ndi dzanja limodzi, chifukwa dzanja linalo lidzakhala ndi ntchito yake. Makampani ambiri a ndege amalola makilogalamu 23 pa sutikesi imodzi pa maulendo ataliatali, koma uwerenge zimene zalembedwa pa tikiti yako, ndipo ukumbukire kuti kulemera kwa sutikesi yeniyeniyo kumawerengedwa momwemo. Umangirire kansalu kowala pa chogwirira kuti usadzavutike kuizindikira pakati pa zinzake zakuda. Kaya ikhale ya pulasitiki kaya yansalu, zonse zimafika.

Koma ndisanapitirire, ndikukumbutse za amalume ako, bambo anga aakulu, chifukwa kuyambira m'mawa akhala ali m'maganizo mwanga. Nthawi imene ankapita ku ukwati uja iwe unali wamng'ono... ayi, ndalakwitsa, unali utakula ndithu, pakuti ndiwe amene unawanyamulira chipewa mpaka pakhomo la bwalo la ndege. Anakonzekera ulendo umenewo kwa miyezi iwiri. Anagula sutikesi yaikulu yatsopano, anaipima pa sikelo katatu, anatulutsamo zinthu n'kuzibwezeramonso, ndipo anagula nsapato zachikopa zimene anazisunga m'bokosi mpaka tsiku lonyamuka kuti zisathe kuwala. Ukudziwa mmene bondo lawo lakumanja linalili chichitikire ngozi ija. Amene anawagulitsa tikiti anawafunsa ngati angafune wowathandiza poyenda m'bwalo la ndege, ndipo iwo anamuyankha kuti anayamba kuyenda iye asanabadwe. Anabwera kudzatifotokozera yankho limenelo monyadira, ife tonse n'kuwaombera m'manja, popeza panalibe ngakhale mmodzi mwa ife amene ankadziwa kukula kwa mabwalo amene anthu amasinthirako ndege.

Ulendo wawo unali wa ndege ziwiri, ndipo pakati pake panali ola limodzi ndi mphindi zochepa chabe. Ndege yoyamba inatera mochedwa ndi theka la ola. Ali m'mwamba anali atavula nsapato zija chifukwa zinkawaluma, ndipo pofika nthawi yotsika mapazi anali atatupa, monga mmene amachitira munthu akakhala pansi maola ambiri osayenda, moti nsapato zinakana kulowa. Anatsika akuponda zidendene za nsapatozo ngati wavala masilipasi. Chipata cha ndege yachiwiri chinali kumathero ena a nyumbayo, ndipo panjira panali malo ofufuzirapo katundu wa m'manja kachiwiri, pamene anaima pamzere wautali. Anatiuza kuti anakhala pansi kawiri kuti bondo lipume, ndipo ali chikhalire anaona kagalimoto kamagetsi kakudutsa katanyamula anthu achikulire, ena ooneka amphamvu kuposa iwo, koma anachita manyazi kukweza dzanja. Mmene ankafika pa chipata, ndege inali ikuonekabe pawindo, koma chitseko chinali chitatsekedwa, pakuti nthawi zambiri zipata zimatsekedwa kutatsala mphindi 15 kapena 20 kuti ndege inyamuke, ndipo zikatero kuchonderera sikumveka.

Anawalembera ndege ya tsiku lotsatira, ndipo mavuto enieni anayambira pomwepo. Mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi anali mu sutikesi yaikulu ija pamodzi ndi chaja, juzi ndi magalasi owerengera, ndipo sutikesiyo inali kwina m'kati mwa bwalo kumene wapaulendo sangafikeko. M'chikwama cha m'manja munali mphatso ya akwati yokha, yokulungidwa bwino m'pepala lonyezimira. Chakumadzulo foni inazima. Manambala onse a abale anali mu foni yomweyo, ndipo nambala yokhayo imene ankaidziwa pamtima inali ya mlongo wawo, amayi ako. Mtsikana wina wogwira ntchito pamenepo anawabwereka foni yake, ndipo ndi mmene foni inalirira kwanu pakati pa usiku. Amene anaiyankha ndiwe. Ndikukumbukira bwino chifukwa pambuyo pake unandiimbira mawu akunjenjemera, ukunena kuti amayi akhala pampando akungolira ndipo akukana kugona. Sutikesi inawapeza patapita masiku anayi, ukwati utatha, ndipo chimene chinathandiza kuilondola ndi kapepala komata kaja kokhala ndi nambala ya katundu, kamene anakabisa m'kati mwa chipewa. Pa zithunzi zonse za ukwati akuoneka atavala jekete lobwereka la manja aafupi, ndipo mpaka tsiku lawo lomaliza sanalole kuti chithunzi chilichonse mwa izo chipachikidwe pakhoma.

Pepa, ndatalikitsa, koma ndikhulupirira kuti wazindikira kumene ndikulowera. Chimene chikukusowetsa tulo ndi usiku umenewo. Ukuopa kuti zimene zinachitikira amalume zidzachitikiranso amayi ako ali m'manja mwako, kutali, pamene palibe wina wa ife wokuthandiza, ndipo popeza sungathe kunena zimenezi pagulu iwo akuwerenga, wafunsa za sutikesi. Ndiye tamvera. Sabata ino, osadikira sabata yonyamukira, uimbire kampani ya ndege kapena amene anakugulitsa tikiti, uwauze kuti ukuyenda ndi munthu wachikulire wovutika kuyenda mtunda wautali, ndipo alembe pa tikitipo kuti akufuna thandizo m'mabwalo onse, ponyamuka, posinthira ndi pofika. Makampani ambiri amafuna kuti awadziwitse kutatsala maola 48 kapena kuposerapo, ndipo thandizo limeneli nthawi zambiri salipiritsa.

Adzakufunsa kuti thandizo lake ndi lotani, chifukwa makampani a ndege amagwiritsa ntchito zilembo zofanana padziko lonse. WCHR ndi za munthu amene angathe kukwera masitepe koma sangayende mtunda wautali, WCHS ndi za amene masitepe amamuvuta, ndipo WCHC ndi za amene amafunika kunyamulidwa mpaka pampando. Azakhali ndi a WCHR... dikira, ndiganize. Ulendo watha ndinawaona akukwera masitepe atatu okha atagwira khoma, ndipo ndege zina zimaima patali moti anthu amakwera masitepe aatali achitsulo kuchokera pansi. Uwauze WCHS. Akatero, munthu adzakudikirani pakhomo la ndege ndi mpando wa matayala, adzakudutsitsani pa malo ofufuzira katundu ndi pa ofesi yoona mapasipoti, ndipo njira yopita ku chipata chachiwiri adzaidziwa ndi iye. Pokwera, inu mudzakhala m'gulu loyamba. Potsika mudzadikira kuti ena atuluke kaye, choncho ngati tikiti ingasinthike, pakati pa ndege ziwirizo pakhale maola awiri kapena atatu, ndipo ndege zonse zikhale pa tikiti imodzi kuti yoyamba ikachedwa udindo wokupezerani ina ukhale wa kampaniyo.

Ndikudziwa kuti azakhali adzakana. Ndi magazi amodzi ndi mlongo wawo, ndipo akangomva mawu akuti njinga ya olumala adzati ukuwanyoza. Usatchule mawu amenewo. Uwauze kuti pali munthu amene adzakuperekezani kuti musasochere, ndipo mpando ulipo ngati angatope. Iwenso usayambe kupikisana nawo mawu monga mumachitira, pakuti pa nkhani ya makani sindidziwa kuti wamkulu ndani pakati pa inu awiri.

Chachiwiri ndi chikwama cha m'manja, chimene chiyenera kukhala ndi chilichonse chimene azakhali sangathe tsiku limodzi opanda icho. Mankhwala onse akhale mmenemo, m'mapaketi ake enieni okhala ndi dzina la mankhwalawo, pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndipo utenge owonjezera a masiku angapo kuposa masiku a ulendo. Pali lamulo limene linayamba mu 2006, atatulukira chiwembu cha mabomba amadzimadzi ku Britain, lakuti chinthu chamadzimadzi cholowa nacho m'ndege chisapitirire mamililita 100 pa botolo, ndipo mabotolo onse akwane m'kathumba koonekera m'kati ka lita imodzi. Mabwalo ena ayamba kulifewetsa chifukwa cha makina atsopano, koma iwe ulitsatire, popeza sudziwa za bwalo losinthira. Mankhwala amadzimadzi amaloledwa kupitirira muyezo umenewo ukaonetsa kalata ija. Power bank, batire lija losungira moto wochajira foni, saloledwa kuikidwa mu sutikesi yopita pansi pa ndege chifukwa mabatire a lithium amatha kuyaka moto, ndiye ikhale m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi chaja. Uikemonso juzi, magalasi, zovala zosinthira za tsiku limodzi, ndi pepala limene walembapo pamanja manambala a foni a anthu atatu ndi adiresi ya kumene mukupita. Pepala lina lofanana nalo likhale m'thumba mwa azakhali.

Nsapato zikhale zakale, zofewa, zimene mapazi anazizolowera. Uwapemphere mpando wa m'mbali mwa kanjira, kufupi ndi chimbudzi, chifukwa ndikuwadziwa kuti angalole kukhala ndi ludzu maola asanu ndi atatu kusiyana ndi kudzutsa mlendo kuti adutse. Mpweya wa m'ndege ndi wouma kwambiri, chinyontho chake sichifika ndi 20 peresenti yomwe, choncho azimwa madzi pang'onopang'ono ngakhale asakumva ludzu. Mu 2007 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti kukhala pansi osayenda paulendo wa maola anayi kapena kuposerapo kumawirikiza kawiri chiopsezo chakuti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo kwa achikulire chiopsezocho n'chachikulupo. Uziwadzutsa kuti ayende pang'ono m'kanjira pakapita ola limodzi kapena awiri, ndipo akakhala pansi azigwedeza mapazi. Za masokosi othina aja amene amathandiza magazi kuyenda, ufunse dokotala wawo musanagule. Ndege ikayamba kutsika makutu amatsekeka, ndiye azimeza malovu kapena kuyasamula.

Za mapepala sindichedwapo. Mayiko ambiri amafuna kuti pasipoti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe ntchito, ndiye uone masiku pa mapasipoti onse awiri usiku uno. Ngati dziko limene mukupita kapena kudutsamo limafuna khadi la katemera wa yellow fever, khadilo limayamba kugwira ntchito pakapita masiku 10 munthu atabayidwa, ndipo kuyambira mu 2016 limakhala la moyo wonse, moti ngati azakhali anabayidwapo kale, ndi nkhani yongofunafuna khadi lakale. Ngati sanabayidwepo, pa msinkhu wawo dokotala ndiye agamule. Kapepala ka nambala ya katundu ukasunge monga anachitira amalume, ndipo sutikesi ikapanda kutuluka, ukalembetse pa ofesi ya katundu wotayika usanatuluke m'bwalomo.

Zonsezi ukhoza kuiwalako zina, ndipo ulendo udzayendabe. Chimene sindikufuna uiwale ndi foni ija yopita ku kampani ya ndege. Amalume anasiyidwa ndi ndege chifukwa anakana thandizo limene linalipo kale, lowadikirira, ndipo iwe ukangolipempha pasadakhale, ntchito yoyendetsa amayi ako m'bwalo lachilendo idzakhala ya anthu amene amaigwira tsiku ndi tsiku, iwe n'kutsala ndi yako yowagwira dzanja.

Ndibwerezenso, chifukwa ndikudziwa kuti ukumvetsera uthengawu uli pakati pa ntchito zina ndipo theka lakudutsa. Uimbe mawa m'mawa, upemphe thandizo la WCHS pa ndege zonse, popita ndi pobwera, ndipo uwauze akutumizire uthenga wotsimikizira kuti alemba. Uthengawo ukafika unditumizire ine ndekha, osati pagulu lija, chifukwa pamakhala nambala ya tikiti imene wina angaigwiritse ntchito kusintha ulendo wanu. Azakhali ndiwaimbira ndekha Lamlungu masana, ndipo za mpando wa matayala undisiyire ine, ndikudziwa poyambira.